Dzina Lachinayi

Amalume anabwera kuchokera ku Katete mwezi wa June kudzaonetsa maso awo kuchipatala. Litatsala tsiku limodzi kuti abwerere, anandiuza kuti sangakwere basi asanaone pamene anagona amayi awo. Ambuya anamwalira mu 1994 m'nyumba mwathu muno mu Chunga, ndipo tinawaika kumanda a Chunga omwewa chifukwa ndalama yonyamulira maliro mpaka kumudzi panalibe. Amalume uthenga unawapeza patapita masiku anayi, zonse zitatha. Kuyambira pamenepo akhala akunena kuti tsiku lina adzabwera.

Tinanyamuka m'mawa kukuzizira, kamphepo kakutithira fumbi m'maso. Ine ndinkadzitama kuti malowo ndikuwadziwa: pafupi ndi mtengo wina, kumanzere kwa kanjira. Titafika, mtengowo panalibe, ndipo pamene panali kanjira panali mzere wa manda. Kachitsulo kamene tinalembapo dzina ndi penti kanatha ndi dzimbiri, kapena kanapita ndi otola zitsulo. Tinazungulira maola awiri tikuwerenga mayina a eni ake. Pomaliza amalume anaima pa mulu wina wa dothi wopanda chizindikiro, anavula chipewa, nakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Tiye mayi, amva." Sanandidzudzule, ngakhale kuti zikanandipepukira akanatero. Amayi anga anamwalira asanaike mwala pamandapo, ntchitoyo inatsalira ine, ndipo chaka chilichonse ndakhala ndikuti chaka chamawa. Kuchokera pakhomo panga kukafika kumandako ndi ulendo wa pansi.

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri ndi ichi: sabata yomweyo ndikanatha kukuuzani bwinobwino mzera wa banja lina la ku England, kubwerera m'mbuyo zaka 300, amene anakwatira uje ndi amene anabereka uje. Zinayamba ndi buku lakutha chikuto limene ndinagula pa mabuku oyala pansi mu Cairo Road, The Africa House, lolembedwa ndi Christina Lamb mu 1999. Limasimba za Stewart Gore-Browne, mzungu amene anamanga chinyumba chachikulu cha njerwa ku Shiwa Ng'andu, pakati pa Mpika ndi Chinsali. Nditalimaliza ndinayamba kutsata abale ake pa foni usiku, monga mmene anzanga amatsatira masewero a pa TV.

Ndipo anthuwa amatsatika. Stewart anabadwa mu 1883 ku London. Agogo ake, Sir Thomas Gore Browne, anali bwanamkubwa wa New Zealand kuyambira 1855 mpaka 1861, ndipo mkangano wa malo a ku Waitara umene unayambitsa nkhondo ndi Amaori mu 1860 unabuka m'manja mwawo. Mchimwene wa agogowo anali bishopu wa Winchester. Mchimwene wa abambo ake a Stewart, Wilfrid, anakhala bishopu woyamba wa Kimberley ndi Kuruman ku South Africa. Koma munthu wofunika kwambiri pa moyo wake anali azakhali ake, Ethel, amene anakwatiwa ndi Hugh Locke King, mwini chuma amene anamanga bwalo la mpikisano wa magalimoto la Brooklands mu 1907. Ukwati umenewu ndi umene unalumikiza a Gore-Browne, omwe anali anthu olemekezeka koma opanda mpando waufumu, ndi banja la mpando weniweni. A King anali ndi udindo wa Baron kuyambira 1725, pamene Peter King anakhala Lord Chancellor, mkulu wa zamalamulo m'dzikomo. Mkulu wa abambo ake a Hugh anakwatira Ada, mwana wa mlakatuli Lord Byron, mu 1835, nakwezedwa kukhala Earl of Lovelace mu 1838. Ada ameneyu ndi uja anthu a makompyuta amamulemekeza lero.

Dzina loti Locke nalonso lili ndi nkhani yake, ndipo inandiseketsa. Amayi ake a Peter King uja anali mwana wa mchimwene wa abambo ake a John Locke, katswiri wa nzeru zakuya. Azungu amati anali makazini. Ife tikanangoti mlongo wake. Locke sanakwatire, sanabereke, ndipo pomwalira mu 1704 anasiyira Peter King zolemba zake ndi theka la mabuku ake. Ndiye kuti chuma cha munthu chinapita kwa mwana wa mlongo wake. Mchewa aliyense akanagwedeza mutu kuti mkuluyu mwambo ankaudziwa.

N'chifukwa chiyani anthu awa amakumbukika chotere? Poyamba ndinkaganiza kuti amakonda makolo awo kuposa ife. Koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti chikondi si chimene chinalemba mabukuwa. Pamene John Burke anatulutsa buku lake la mizera ya mabanja aufumu mu 1826, ankathandiza anthu kuyankha mafunso a chuma: mpando ukatsala, alowa ndani? Munda ndi nyumba zipita kwa yani? Mnyamata amene akufunsira mwana wathuyu adzalandira chiyani bambo ake akafa? Mpando unkatsata mwana wamwamuna woyamba wobadwa m'ukwati wovomerezeka, choncho tsiku la ukwati ndi tsiku lobadwa zinkasungidwa ngati malisiti. Akazi amalowa m'mizerayi ngati mlatho: mwana wa uje, mkazi wa uje, chuma n'kuwoloka. Ndipo mzera wotere ukhoza kuduka anthu akadalipo. Mu 2018 Earl of Lovelace wachisanu anamwalira wopanda mwana wamwamuna, mpando n'kuthera pomwepo. Magazi a banjalo akuyendabe m'matupi a anthu ambiri, koma bukulo linatseka tsamba.

Ku Shiwa zinthu zinayenda mwa njira imene mabuku amenewa saiwerengera. Stewart anaona nyanjayo koyamba mu 1914, atabwera kuno pa ntchito yodula malire a dziko lino ndi Congo, nabwereranso mu 1920 kudzamanga. Ndalama zambiri zimene zinkachirikiza malowo zinkachokera kwa azakhali aja, omwe analibe mwana wawo, ndipo iye anawalembera makalata kwa zaka zambirimbiri. Ali mnyamata anakonda mtsikana wotchedwa Lorna Bosworth Smith, koma mtsikanayo anakwatiwa ndi wina. Mu 1927, ali ndi zaka 44, Stewart anakwatira mwana wa Lorna yemweyo, dzina lake Lorna, amene anali asanafike zaka 20. Kwathu ankhoswe akanakhala pansi nthawi yaitali pa nkhani yotereyi. Ukwatiwo unabala ana aakazi awiri, kenako unatha. Mwana wamkulu, Lorna wachitatu, anakwatiwa ndi John Harvey, ndipo awiriwa anaphedwa mu 1992 pafupi ndi Lusaka. Lero nyumbayo ili m'manja mwa zidzukulu za dzina la Harvey. Nyumba ya mzungu wa mzera wa amuna inaima ndi chuma cha azakhali, n'kupitirira kudzera mwa mwana wamkazi, pakati pa Ababemba amenenso amawerenga mtundu kuchikazi.

Sindikufuna kumupeputsa munthuyu. Anakhala m'nyumba ya malamulo kuyambira 1935, anaimira zofuna za anthu akuda pamene azungu anzake ankamuona ngati wogulitsa, anaima kumbali ya Kenneth Kaunda ndi UNIP, ndipo atamwalira mu 1967 anaikidwa ndi mwambo wa boma. Koma anthu ake anamutcha Chipembere, ndipo bukulo silibisa kuti ankakwapula antchito. Mazana a anthu amene anaumba ndi kuotcha njerwa za nyumbayo sali pa mtengo wa banja uliwonse umene ndinaupeza. Dzina limene linatsala m'mutu mwanga ndi la Henry Mulenga, dalaivala wake, chifukwa iye anakhala pafupi ndi bwana mpaka mapeto. Dzina limasungika ngati pali china chimene chapachikidwapo, kapena ngati lili pafupi ndi dzina lina lalikulu.

Madzulo a tsiku la kumanda lija magetsi anathima, monga mwa nthawi zonse, ndipo tinakhala pakhonde titazinga mbaula. Ndinawauza amalume zina mwa izi, mwina pofuna kubisa manyazi anga ndi nkhani za kutali. Iwo anamvetsera, kenako anati, "Nanga iwe wako umaudziwa?" Ndinatchula amayi, ndinatchula ambuya, n'kuima. Iwo anapitiriza pamene ndinalekera. Anatchula amayi a ambuya, amayi a amenewo, mpaka mayina asanu ndi awiri, akazi okhaokha, aliyense ndi mudzi umene anakhala ndi dambo limene ankalima. Amuna ankangowatchula modutsa: uyu anadzakwatira kuchokera kwakuti, uyu anapita ku Harare osabwerako. M'buku la Burke mkazi ndi mlatho. Pakamwa pa amalume mwamuna ndi mlendo.

Nawonso sakumbukira chifukwa cha chikondi chokha. Iwo ndi mwini mbumba. Ukwati ukavuta, ndiwo nkhoswe. Malire a dimba akakanganidwa, ndiwo amanena kuti analima pano ndi uje, mwana wa uje. Mfumu ya mudzi ikamwalira, mayina amenewa ndiwo amaloza nyumba imene ufumu upite. Ngakhale pamwamba penipeni zili chomwecho. Kalonga Gawa Undi, amene Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amakamulambira ku Mkaika mwezi wa August pa Kulamba, salowedwa ndi mwana wake. Ufumu umatuluka m'mimba ya Nyangu, mayi wa mzera wa a Phiri, ndipo mbiri imati mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa a Banda. Maukwati a mafumu athu ankayalidwa mosamala ngati a ku England, kungoti kaundula wake anali m'mitu ya anthu.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kope la mwana wanga ndi bolopeni, n'kuyatsa tochi ya pa foni. Ndinati, "Amalume, yambaninso, ndilembe." Anayambanso. Titafika pa dzina lachinayi, la agogo awo a amayi awo a amayi anga, anaima. Anasonkhezera makala, nayang'ana ngati mwana wanga ali pafupi. Kenako anandiuza motsitsa mawu kuti mayi ameneyu sanabadwire m'mbumba yathu. Anabwera ali kamtsikana, m'masiku a nkhondo za Angoni a Mpezeni, azungu asanagonjetse Angoniwo mu 1898. Ena amati anaperekedwa kulipira mlandu, ena amati anagulidwa ndi chimanga nthawi ya njala. Atakula anakwatiwa ndi mwamuna wa m'nyumba yomweyo, ndipo popeza analibe mlongo kapena malume womuimira, ana ake anawerengedwa a m'nyumbamo. Patapita mibadwo iwiri anthu anangoyamba kumutchula ngati mwana wa mayi mwini nyumba. Mayina atatu apamwambawo, lachisanu, lachisanu ndi chimodzi ndi lachisanu ndi chiwiri, ndi a anthu amene anamugula.

"Izi usalembe," anatero amalume. "Ndakuuza chifukwa ndiwe wamkulu, ndipo maso angawa akutha. Koma pepala silidziwa kukhala chete."

Kuyambira usiku umenewo ndakhala ndikulimbana ndi funso limeneli: kodi kuiwala kumene makolo anga anachita kunali chifundo kapena kuba?

Mbali ya chifundo ndi yoonekeratu, ndipo sindiinyoza. Mawu oti kapolo akadali ndi ululu kumudzi. Amatuluka pa mowa, pa maliro, pa mkangano wa ufumu, ndipo akatuluka sabwerera. Anthu amene anasankha kunena kuti mtsikana uja ndi mwana wa m'nyumba anatsekera zidzukulu zake khomo la chitonzo. Anachita chinthu chimene kaundula wolembedwa sangachite: anasuntha munthu kuchoka kunja kumulowetsa mkati, popanda siginecha, pongosiya kunena. Ku England mwana wobadwa kunja kwa ukwati ankakhala kunja kwa mpando mpaka imfa, chifukwa masiku analembedwa ndipo aliyense akanatha kuwerenga miyezi. Timati chibale ndi fupa, sichiola, ngati kuti chibale ndi chinthu chimene timangochipeza. Koma apa chibale chinachita kuumbidwa ndi anthu, ndipo chagwira zaka zoposa 100. Ine ndi ndani kuti ndichiphwanye ndi bolopeni ya makwacha awiri?

Ndiponso kwa ine ngozi ndi yochepa. Muno mu Lusaka palibe chimene chapachikidwa pa mayina asanu ndi awiriwo. Chitupa changa chili ndi dzina la abambo anga. Mwana wanga ali ndi dzina la abambo ake, Mngoni wa ku Chipata amene anapereka malowolo ndipo amati ana ndi ake. Lamulo la 1989 la chuma cha masiye limagawa katundu wa munthu womwalira wopanda wilo motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wake, 20 kwa makolo, 10 kwa amene ankadalira malemuyo. Mwana wa mlongo, amene kale anali wolowa m'malo, salowamo pokhapokha ngati ankasungidwa ndi malemuyo. Lamulolo linapulumutsa amasiye ambiri kwa olanda katundu, ndipo ndimaliyamika. Koma linadulanso chingwe chimodzi chimene chinkatikakamiza kudziwa amayi a amayi athu. Kumudzi chingwecho chikadalipo. Ana a azing'ono a amayi anga amalima dimba chifukwa cha mayina amenewa. Kope langa litafika m'manja olakwika, amene angalipire si ine wa m'tauni.

Komabe pali china chimene chimakana kugona. Chifundo chimenechi chinapita kwa ife zidzukulu. Kwa mtsikana uja sichinafike. Iye anali ndi amayi ake. Anali ndi mudzi, mfunda, mwina chilankhulo china. Anthu amene anamutenga anamulanda zonsezo ali moyo, ndipo atafa anamulandanso nkhani yoti analandidwa. Ife tikamatchula mayina atatu apamwambawo ndi ulemu, tikulemekeza ogula, ndipo mayi amene anataya mwana wake tsiku limenelo palibe amene anamutchulapo ngakhale kamodzi. Kukhululuka ndi kwabwino, koma amene amakhululuka ndi wolakwiridwa. Apa olakwa ndiwo anagwirizana kuti nkhani yatha, ndipo zinawakomera: anapeza mkazi wopanda ankhoswe ovuta, ndi ana amene sadzapita kwina. Ndikaganiza bwino, chifundo ndi phindu zinadyera mbale imodzi, ndipo sindingathe kuzilekanitsa.

Pano mpamene John Locke anabwereranso m'maganizo mwanga. Munthu amene analemba mwamphamvu za ufulu wachibadwidwe wa anthu anaikanso ndalama zake mu Royal African Company, kampani yogulitsa akapolo ochokera ku Africa. Izi timazidziwa chifukwa zinalembedwa. Mapepala omwe aja amene amasunga ulemerero wa mabanja amenewa ndiwonso amawapereka m'manja mwa owaweruza. Chikwapu cha Chipembere timachidziwa chifukwa iye ndi anthu ake analemba makalata ndi madayale, mlendo n'kudzawawerenga patapita zaka. Pepala lilibe chifundo, n'zoona, koma chifukwa chomwecho limatha kuchitira umboni munthu amene analibe womuimira. Kukumbukira kwa pakamwa kumasunga zimene amoyo angathe kukhala nazo. Mtsikana uja wapulumuka m'kamwa mwa anthu mibadwo inayi mwa mwayi chabe, chifukwa m'badwo uliwonse munapezeka munthu mmodzi amene ananong'oneza mnzake. Amalume akanamwalira chaka chatha, bwenzi atafa kachiwiri.

Ndiye pali ine, amene ndikuweruza makolo pa nkhani ya kuiwala, pamene manda a ambuya anga ndawataya ndili nawo pafupi. Iwo anaiwala mwadala, ndi cholinga, pofuna kuteteza ana. Ine ndinaiwala chifukwa cha lendi, fizi ndi ulesi. Pa mitundu iwiri ya kuiwalayi, wanga ndi umene ulibe chonena. Mwina changu changa chofuna kulemba chinali njira yogulira mwala umene sindinaike, ndipo munthu amene akulipira ngongole yake sayenera kulipira ndi mbuzi za abale ake.

Ndikudziwa kuti polemba nkhani ino ndaphwanya kale theka la zimene amalume anandipempha. Ndabisa mayina, ndabisa mudzi, ndipo mabanja a ku Katete amene ali ndi nkhani yofanana ndi iyi ndi ambiri moti palibe angaloze chala. Koma iwo atamva sangakondwere, ndipo sindinganene kuti alakwa.

M'kope muja ndinalemba mayina onse asanu ndi awiri monga anandiuzira, popanda chizindikiro chilichonse pa lachinayi. M'mawa mwake ndinawaperekeza ku Intercity. Basi isananyamuke anatulutsa mutu pawindo n'kufunsa ngati kope lija ndalisunga pabwino. Ndinati lili m'sutikesi, pansi pa zitenje.

Patapita milungu itatu, tsiku lina Loweruka tikusankha nyemba pakhonde, ndinamuuza mwana wanga wamkazi, wa zaka 17. Ndinamuuza ndi pakamwa, motsitsa mawu, monga mmene ndinauzidwira, ndipo ndinamupempha kuti asaziike pa foni. Anasiya kusankha nyemba, nakhala chete nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti, "Nanga amayi ake a mtsikanayo, dzina lawo anali ndani?" Ndinamuuza kuti amalume sakulidziwa, ndipo amene anawauza nawonso sankalidziwa. Anafunsa ngati panali wina amene anamufunsapo mtsikanayo ali moyo, popeza anakhala mpaka kukalamba, akulera ana ndi zidzukulu m'mudzi momwemo. Funso limeneli sindinaliganizire usiku uja pa mbaula. Ndawaimbira amalume kawiri kuti ndiwafunse, koma foni yawo imagwira pokhapokha akakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, ndipo ndi maso awowa masiku ano sapitako kawirikawiri.